Doc Craven, mdala amene rugby ya ku Joni inali m'thumba mwake

Mukaima pa siteji ya Lirangwe kapena kuzungulira pa msika wa Chileka, simuchedwa kukumana ndi mnyamata atavala jezi yobiriwira ya kolala yachikasu, pachifuwa pali kanyama konga gwape kakudumpha. Majezi ambiri otere anabwera m'zikwama za abale a ku Joni, pa mabasi omwe aja otulukira pa Zalewa kuchokera ku Mwanza. Wovalayo mwina ndi wa Bullets wamagazi, wa Manoma kapena wa Arsenal, ndipo rugby sanaionerepo mpaka kumapeto. Koma jeziyo ndi ya Springboks, timu ya dziko la South Africa imene yatenga chikho cha dziko lonse kanayi: 1995, 2007, 2019 ndi 2023.

Amene muli ndi abale kumeneko mukukumbukira momwe mafoni anatenthera pa 28 October 2023, Springboks itagonjetsa All Blacks ya New Zealand ndi pointi imodzi yokha, 12-11, ku Paris. Kaputeni wa New Zealand, Sam Cane, anadya khadi yofiira, ndipo woyimbira wa ku England, Wayne Barnes, anatukwanidwa pa intaneti mpaka banja lake kuopsezedwa. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mkulu wa aphunzitsi a Springboks, Rassie Erasmus, anajambula vidiyo ya mphindi 62 akuloza chimodzichimodzi zimene iye ankati woyimbira Nic Berry analakwitsa, ndipo bungwe la World Rugby linamulanga.

Ndiye ena amaganiza kuti matenda olira ndi woyimbira anabwera ndi Facebook. Ayi ndithu. Mkangano wa mayiko awiriwa ndi wakale kuposa agogo athu ambiri, ndipo pakatikati pake, kwa zaka 60, panaima munthu mmodzi: Danie Craven, amene kwawo ankangomutchula kuti Doc. Anali wosewera, kenako mphunzitsi, kenako mwini wake wa masewero onse. Anali katswiri, zimenezo palibe amatsutsa. Koma analinso mlonda wa pageti pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala jezi yomwe ija mukuivala pa Lirangwe.

Daniël Hartman Craven anabadwa pa 11 October 1910 pa famu ina pafupi ndi katauni ka Lindley, ku Orange Free State. Dzina la Craven ndi lachingerezi chifukwa agogo ake anachokera ku Yorkshire, koma mnyamatayo anakula ngati Mbunu weniweni, chilankhulo chake chili Chiafrikaans. Mu 1929 anapita ku yunivesite ya Stellenbosch, pafupi ndi Cape Town, kukaphunzira zaubusa.

Dzina la Stellenbosch lisakudutseni. Kumeneko n'kumene kunkaphunzira abusa a mpingo wa Dutch Reformed, mpingo womwe unatumiza Andrew Charles Murray kudzatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, chiyambi cha Sinodi ya Nkhoma. Buku Lopatulika la 1922 limene agogo anu amawerenga linadutsa m'manja mwa William Murray, wa mpingo womwewo. Ndiye Craven anali pa msewu umene anzake ena unawafikitsa ku Dowa ndi ku Lilongwe. Chinamupatutsa ndi nsapato. Mu January 1932, pa masewero ndi Scotland, anamenyedwa teche pakhosi mpaka mawu ake anaonongeka, ndipo madokotala anamulangiza kuti asiye maganizo a pa guwa. Mawu okhakhala amenewo anakhala nawo mpaka imfa.

Kwa amene rugby simuidziwa bwino, tiime pang'ono. Mbali iliyonse kumakhala osewera 15. Mpira wake ndi wa ngati dzira, ndipo umaunyamula m'manja n'kuthamanga nawo, koma poponyera mnzako uyenera kuponya cham'mbuyo, osati kutsogolo. Ukakauika pansi kuseri kwa mzere wa adani, imeneyo ndi try. Lero ndi mapointi 5, koma nthawi ya Craven inali 3 basi. Zimphona zisanu ndi zitatu za mbali iliyonse zikawerama n'kuyamba kukankhana ndi mapewa polimbirana mpira, imeneyo ndi scrum. Kuseri kwa zimphonazo kumakhala kamunthu kochenjera, kovala nambala 9 masiku ano, kamene ntchito yake ndi kutola mpira ndi kuupereka msanga kwa othamanga. Craven anali kamunthu kameneko.

Mphunzitsi wake ku Stellenbosch anali A.F. Markötter, mdala waukali amene anyamata ankamutcha Oubaas Mark, wodziwika ndi diso loona luso mwa mwana amene ena onse akumudutsa. Diso limenelo linagwera pa Craven, ndipo mu 1931 mnyamatayo anatengedwa mu Springboks asanasewereko ngakhale kamodzi timu ya chigawo chake. Taganizirani mwana wa ku koleji kuitanidwa ku Flames asanapondeko Super League. Masewero ake oyamba anali pa 5 December 1931 ku Swansea, mvula ili pakati, ndipo South Africa inagonjetsa Wales 8-3. Anali ndi zaka 21.

Chimene anatchuka nacho ndi kaponyedwe kodziponya. M'malo moimirira kaye n'kuponya, iye ankauluka thupi lonse ngati goloboyi akudumphira mpira, n'kuutulutsa ali m'malere. Mpirawo unkapita patali komanso mwachangu, ndipo omuthamangitsa ankangogwira mphepo. Sanayambitse ndi iye, koma ndi iye anauonetsa dziko. Pa masewero 16 amene anasewerera dziko lake pakati pa 1931 ndi 1938, anaima malo anayi osiyana, ngakhale pakati pa zimphona zija.

Chaka chake chachikulu chinali 1937, pamene Springboks inapita ku New Zealand. Kumeneko rugby ndi chipembedzo. Masewero oyamba ku Wellington, Craven ndiye anali kaputeni, anamuchotsa pa malo ake n'kumuika pena, ndipo anagonja 13-7. Atamubwezera pamalo pake zinthu zinasintha: anapambana 13-6 ku Christchurch, kenako 17-6 ku Auckland, atagoletsa ma try asanu, eni bwalo osagoletsa ngakhale imodzi. Chaka chotsatira anatsogolera timu polimbana ndi British Lions, ndipo masewero a pa Newlands mu September 1938 anakhala omaliza. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatseka mabwalo iye ali ndi zaka 28 zokha. Analowa usilikali, akuyang'anira zolimbitsa matupi, ndipo mu 1947 anabwerera ku Stellenbosch kukatsogolera dipatimenti ya maphunziro a zamasewero.

Dzina loti Doc silinali la pabwalo chabe. Munthuyu anali ndi madigiri a udokotala atatu: wa chikhalidwe cha mitundu ya anthu mu 1935, wa kaganizidwe ka munthu mu 1973, ndi wa zamasewero mu 1978. Woyamba uja usungeni m'mutu, tibwererako.

Nkhondo itatha, All Blacks inabwera ku South Africa mu 1949, ndipo Craven anapatsidwa timu. Apa ndi pamene nkhani ya oyimbira inayambira kununkha. Masiku amenewo woyimbira ankachokera m'dziko la eni bwalo. Tangoganizani Flames ikusewera ku Lusaka, wapakati ndi onyamula mbendera onse a ku Zambia, kenako n'kumayembekezera kuti pobwerera anthu akhala chete. South Africa inapambana masewero onse anayi: 15-11, 12-6, 9-3 ndi 11-8. Koma taonani masamu ake. Pa mapointi 47 amene Springboks inapeza, 32 anachokera ku phazi la munthu mmodzi, Okey Geffin, chimphona chomenya mapenate. Masewero oyamba mapointi onse 15 anali mapenate ake asanu. Achitatu, New Zealand ndi imene inagoletsa try yokhayo ya tsikulo, koma inagonja ndi mapenate atatu a Geffin. A ku New Zealand anabwerera kwawo akulumbira kuti wenzulo ndi imene inawagonjetsa.

Kodi anali olondola? Pang'ono. Koma Craven anali atawerenga malamulo kuposa iwo. Anatenga Hennie Muller, chimphona chothamanga ngati kalulu, n'kumamuimika pamalo pamene malamulo a nthawiyo ankalola, kuti mpira ukangotuluka akhale ali kale pakhosi pa othamanga a New Zealand. Alendowo ankati n'kuba, iye ankati ndi nzeru, ndipo buku la malamulo linali mbali yake. Mphunzitsi weniweni amaoneka pamenepa, abale, osati pa kukalipa m'mbali mwa bwalo.

Ulendo wa 1951 mpaka 1952 ku Britain, Ireland ndi France ndiye unamukweza pamwamba penipeni. Pa masewero 31, timu yake inapambana 30, n'kugonja amodzi okha kwa London Counties. Scotland, dziko lomwe lija linamulanda mawu, analikwapula 44-0 pa bwalo la kwawo la Murrayfield, ma try asanu ndi anayi, pa nthawi imene try inali mapointi atatu. Mpaka lero akuluakulu a rugby amaitchula timu imeneyo pakati pa matimu abwino kwambiri amene anayendapo.

Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 1956 inali nthawi ya Craven yopita ku New Zealand, ndipo dziko lonselo linali litasunga mkwiyo wa 1949 zaka zisanu ndi ziwiri. Masewero oyamba enieni m'dzikomo, timu ya chigawo cha Waikato inawagwetsa 14-10. Oyimbira tsopano anali a ku New Zealand, ndipo amene anayamba kudandaula za wenzulo anali Craven yemweyo. Mayiko awiriwa atapambana kamodzi kamodzi, eni nthaka anakaitana Kevin Skinner, chimphona chimene chinakhalapo katswiri wa nkhonya m'dzikomo, kuti akakhazikitse bata mu scrum. Mmene analikhazikitsira batalo, a ku South Africa akudandaulabe mpaka pano. New Zealand inapambana 3-1. Craven anatseka buku la uphunzitsi wa dziko atapambana masewero 17 mwa 23.

Chaka chomwecho cha 1956 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa South African Rugby Board, ndipo chaka chotsatira analowa mu International Rugby Board, bungwe limene lero ndi World Rugby. Mpando wa kwawo uja sanautsikenso. Anapitirizabe kuphunzitsa timu ya yunivesite, ndipo ligi ya ma hostel a ophunzira anaisandutsa munda woyeserera: lamulo latsopano likamubwerera m'mutu, ankayamba waliyesa pa anyamata a Stellenbosch asanapite nalo ku London. Ngakhale zoika oyimbira awiri pabwalo limodzi zinayesedwa kumeneko, chifukwa iye ankaona kuti maso awiri sangakwanitse kulondera anthu 30. Inu amene mumakangana za VAR, dziwani kuti mdalayu ankalimbana ndi funso lomwelo kalekale. Mu 1964 kunayamba mpikisano wa masukulu wa Craven Week, umene mpaka lero ndi khomo lalikulu lolowera mu Springboks. Pa zonsezi galu wake Bliksem ankakhala pambali pake. Chiboliboli cha awiriwa chilipo ku Coetzenburg, pafupi ndi bwalo lotchedwa Danie Craven Stadium.

Mbiri ikanathera pamenepa, bwenzi tikungoomba m'manja. Koma tibwerere ku digiri ya 1935 ija. Mutu wake unali kugawa anthu akuda a ku South Africa m'magulumagulu monga mwa mitundu yawo. Chaka chotsatira Craven anakaphunzitsa pa St Andrew's College ku Grahamstown, m'chigawo cha Eastern Cape, kumene anthu akuda anali akusewera kale rugby kuyambira zaka za m'ma 1800. Makaladi anali ndi bungwe lawo la rugby kuyambira 1897, anthu akuda lawo kuyambira 1935. Sikuti luso kunalibe. Linalipo, likusewera pa fumbi, kuseri kwa mpanda. Munthu amene anali ndi diso loona kamnyamata ka pa famu n'kudziwa kuti kadzakhala katswiri, amene anawerenga za anthu akuda mpaka kutenga udokotala, anatsogolera kwa zaka zoposa 20 bungwe limene silinasankhe ngakhale mmodzi wa iwo.

Omuikira kumbuyo amati lamulo linali la boma, osati lake. N'zoona kuti boma la National Party, limene linalowa mu 1948, ndi limene linakhwimitsa tsankho. N'zoonanso kuti Craven sanali wa Broederbond, kagulu kachinsinsi ka Mabunu kamene kankayendetsa dziko, ndipo nthawi zina ankakangana ndi nduna. Mu 1965 nduna yaikulu Hendrik Verwoerd atanenetsa kuti osewera a mtundu wa Maori asadzabwere ndi All Blacks, anali akutseka pakamwa Craven, amene anali atapereka chiyembekezo choti adzalandiridwa. Ulendo wa 1967 unafera pomwepo. Koma mbiri imanenanso kuti Craven anauzapo atolankhani kuti munthu wakuda adzavala jezi ya Springboks iye atafa. Mwini wake anakana kuti sananene, ndipo mawuwo anamutsata mpaka kumanda. Kaya ananena kaya sananene, mndandanda wa osewera kuyambira 1956 mpaka 1979 ukuyankha wokha.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Funsani agogo a ku Chileka. M'zaka zomwezo, ndege za Wenela zinkanyamula amuna pa bwalo la Chileka kupita nawo ku Francistown, ku Botswana, kumene ankakwera sitima ya ku migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali pansi pa nthaka ya South Africa akukumba golide. Chuma chimene chinamanga Johannesburg, mzinda wa bwalo la Ellis Park, thukuta lawo lili momwemo. Koma pa mabwalo akuluakulu a rugby munthu wosakhala mzungu ankalowera geti lake n'kukhala kumalo kwake, ndipo n'chifukwa chake anthu a kumalo amenewo ankachemerera timu iliyonse yobwera, bola igwetse Springboks. Pa 4 April 1974, ndege ya Wenela yobwera ku Chileka inagwa itangonyamuka ku Francistown, anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kumudzi, ndipo Kamuzu anaimitsa zolemba anthu a ku migodi. Miyezi yochepa pambuyo pake, nkhani imene inkawawa azungu a ku Joni inali ina: British Lions ya Willie John McBride inali ikuwakwapula, masewero 21 mwa 22, ndipo omaliza anathera 13-13 woyimbira wa kwawo, Max Baise, atakana try ya Fergus Slattery kumapeto kwenikweni.

Ndipo tisadziyeretse kwambiri. Pamene mayiko ena a mu Africa ankakana kugwirana chanza ndi Pretoria, ife tinalandira nduna yaikulu John Vorster mu 1970, ndipo mu August 1971 Kamuzu anakabweza ulendo. Vorster ameneyo analinso Chansala wa yunivesite ya Stellenbosch, kumene Craven ankagwira ntchito. Maganizo a Kamuzu, oti tsankho lidzatha pokambirana ndi kuyenderana osati ponyanyala, sanali kutali ndi a Craven, amene ankalalikira kuti ndale zisalowe m'masewero.

Koma ndale zinali zitalowa kale, zitavala ndi jezi yomwe. Ulendo wa Springboks ku Britain mu 1969 mpaka 1970 unasanduka nkhondo ya apolisi ndi ochita zionetsero, otsogozedwa ndi mnyamata wokulira ku Pretoria, Peter Hain. Mu 1976, patangopita masabata ochepa apolisi atawombera ana asukulu ku Soweto pa 16 June, All Blacks inafika ku South Africa ngati palibe chachitika. Mayiko a mu Africa oposa 20 ananyanyala masewero a Olympics ku Montreal chifukwa New Zealand inaloledwa kukhalako, ndipo Malawi nayenso sanapezekeko. Ulendowo unathanso ndi mlandu wa wenzulo: masewero omaliza South Africa inapambana 15-14, alendo akulira kuti woyimbira Gert Bezuidenhout anawamana try yachilango Bruce Robertson atatchingidwa alibe mpira. Ana akuikidwa m'manda ku Soweto, akuluakulu akukangana za wenzulo. Mu 1977 mayiko a Commonwealth anasainirana pangano la Gleneagles loletsa kusewera ndi South Africa, ndipo mpanda unayamba kutsekeka.

Apa ndi pamene mdala anayamba kusintha. Mu 1980 timu ya ana a makaladi inaloledwa ku Craven Week, masukulu ena a azungu akunyinyirika. Pa 30 May 1981, Errol Tobias wa ku Caledon anakhala munthu woyamba wosakhala mzungu kusewerera Springboks pa masewero a pakati pa mayiko, polimbana ndi Ireland pa Newlands, Craven ali moyo ndithu komanso ali pampando. Tobias anali ndi luso lenileni, koma anasenza katundu wolemera: azungu ena ankati wangoikidwa kuti aphimbe dziko m'maso, pamene a South African Rugby Union, bungwe lokana tsankho, ankamuona ngati wogulitsa anzake. Iwo mfundo yawo inali yakuti sipangakhale masewero abwinobwino m'dziko limene si labwinobwino.

Dziko silinapusitsike. Chaka chomwecho Springboks itapita ku New Zealand, dzikolo linang'ambika pakati, m'nyumba imodzi bambo ndi mwana osalankhulana. Ku Hamilton ochita zionetsero anagwetsa mpanda n'kukhala pakati pa bwalo mpaka masewero analephereka. Ku Auckland kandege kanazungulira bwalo la Eden Park kakuponya timapaketi ta ufa pa osewera. Woyimbira tsopano anali wa dziko lina, Clive Norling wa ku Wales, koma mkangano sunathe: anapereka penate mu nthawi yowonjezera, Allan Hewson anamenya, New Zealand inapambana 25-22, ndipo a ku South Africa akufunsabe kuti mphindi zonse zija anazitenga kuti. Ndiye amene mumati woyimbira wakunja ndiye mankhwala, onani pamenepo.

Pambuyo pake zitseko zinatsekeka. Ulendo wa All Blacks wa 1985 unaletsedwa ndi khoti ku New Zealand. Mu 1986 osewera omwewo anabwera mozemba pa dzina la Cavaliers, mphekesera za ndalama zili ponseponse, pamene Craven anali munthu amene moyo wake wonse ankalalikira kuti rugby si ya malipiro. Anzake a ku bungwe la dziko lonse anakwiya naye. Chikho choyamba cha dziko lonse chinaseweredwa mu 1987, South Africa ikuonera patali. Cha 1991 chimodzimodzi.

Kenako mu October 1988, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 80, Craven anachita chimene azungu ambiri a kwawo ankati ndi kupandukira dziko. Anakwera ndege ndi Louis Luyt, mkulu wa rugby ya Transvaal, kupita ku Harare kukakumana ndi atsogoleri a ANC ochokera ku likulu lawo ku Lusaka, Thabo Mbeki ali momwemo, pamodzi ndi Ebrahim Patel wa bungwe lokana tsankho lija. Nthawi imeneyo ANC inali yoletsedwa, Nelson Mandela akadali mkaidi. Anagwirizana kuti pakhale bungwe limodzi la rugby losayang'ana khungu. Atabwerera, nduna yoyang'anira zamasewero inamudzudzula poyera. Nduna imeneyo inali F.W. de Klerk, amene patangopita miyezi 16 anamasula Mandela yemweyo.

Kodi unali mtima kapena njala? Ine ndikuona kuti njala inatsogola. Bungwe lake linali kukwanitsa zaka 100 mu 1989, ndipo mdala sankafuna phwando lopanda alendo. Anaona kuti makiyi a bwalo la dziko lonse sali ku Pretoria kapena ku London, ali ndi anthu a ku Lusaka. Rugby ndiyo inali mulungu wake wamng'ono. Tsankho analilekerera pamene silinkaisokoneza, n'kulitembenukira pamene linayamba kuipha. Komabe tisamulande chake. Panali azungu ambiri a mipando ikuluikulu amene ankaona zomwezo koma sanakwere ndege ya ku Harare, ndipo iye anakwera akudziwa kuti anthu amene anamuombera m'manja zaka 50 amulavulira.

Zokambiranazo zinatenga zaka zina zitatu ndi theka. Mu March 1992 mabungwe aja anaphatikizana kukhala South African Rugby Football Union, Craven ndi Patel akugawana upulezidenti. Pa 15 August chaka chomwecho, All Blacks inafika pa Ellis Park. ANC inali italola masewerowo pa mfundo zingapo, ina yoti pakhale mphindi ya chete yokumbukira anthu ophedwa pa ziwawa, monga a ku Boipatong. Nthawi ya chete itakwana, khamu la azungu linayamba kuimba Die Stem, nyimbo ya fuko ya boma la tsankho. New Zealand inapambana 27-24. Patatha sabata, Australia inawakwapula 26-3 ku Cape Town. Zaka zokhala paokha zinali zitawasiya m'mbuyo, pabwalo ndi m'mitu momwe.

Amenewo ndi masewero omaliza a Springboks a pakhomo amene Craven anaona. Anamwalira ku Stellenbosch pa 4 January 1993 ali ndi zaka 82, chisankho cha 1994 asanachione. Sanaone Mandela atavala jezi nambala 6 pa 24 June 1995, pamene South Africa inagonjetsa New Zealand 15-12 pa Ellis Park pomwe paja. Sanaone Tendai Mtawarira, mwana wa ku Harare, akusewerera Springboks masewero 117, kapena Siya Kolisi wa ku Zwide, amene anadutsa mu Craven Week, akukweza chikho kawiri ngati kaputeni.

Mu timu ya 1995 ija munali munthu mmodzi yekha wosakhala mzungu, Chester Williams, amene anagoletsa ma try anayi polimbana ndi Western Samoa mu ndime ya makotafainolo. Kwawo kunali ku Paarl, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa ofesi ya Doc Craven.